Kukalambitsa Siteshoni ya Bambo

Lolemba

Bambo alengeza pa tiyi: Lolemba likubwerali akubwerera kwawo. Chikwama amanga kale, chili kuseri kwa chitseko. Zifukwa zawo:

– kondowole akuwakakamira pakhosi;
– nyanja imangosokosa, koma sipita kulikonse;
– anthu a kuno ku Kande akawayankhula, sadziwa ngati ndi moni kapena mlandu;
– chibwerereni sanamvepo kulira kwa sitima.

Zifukwa zanga zoti asapite: kwathu, kupitirira Balaka, nyumba ili yokha chimwalirireni Mayi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amaiwala kumwa. Akagwa kubafa adzawatola ndani? Ndanena zonsezi, iwo angoti, "Ndamva," uku akupukuta nsapato za ulendo. Ndikuopa, kunena zoona.

Koma pulani ndili nayo! Alamu anga a ku Joni, amene amagwira ntchito kunyumba ya mzungu wokalamba wokonda tisitima toseweretsa, anatitumizira katoni ya zinthu zimene bwanayo anataya. Muli kanjanji kotalika ngati mkono, kamutu ka sitima kosayenda, ndi kabokosi kosatsegula: siteshoni yomanga wekha, ya timatabwa topyapyala ndi timakatoni. Bambo moyo wawo wonse anali a pa njanji, kutembenuza njanji ndi kukupiza mbendera pa siteshoni yaing'ono ya kwathu. Ndiwamangira siteshoni yawoyo konkuno. Ndaonera pa foni momwe akatswiri amachitira: ukamanga, umaikalambitsa dala, kuipaka mwaye ndi dzimbiri kuti ioneke yeniyeni. Akaiona Lamulungu mtima ukhala pansi, chikwama amasula.

Sukulu tatsekera, ana anga a folomu thuu ali kwawo, nthawi ndi yanga. Mulungu adalitse alamu. Adalitsenso azungu otaya zinthu zabwino!

Lachiwiri

Ndatsegula fakitale m'kachipinda kosungira makasu ndi ufa, kuti Bambo asaone. N'zosavuta kuwabisira. Tsiku lonse amakhala pansi pa mtengo wa mango, nyanja ataifulatira.

Pepala la malangizo lili m'chinenero chimene ngakhale ine mphunzitsi sindinakumanepo nacho. Ndikutsata zithunzi zokha. Zikomo kwa wojambula, kulikonse kumene ali.

Guluu wa m'bokosi wauma gwa. Ndathamangira pamsika, ndagula kachubu ka supa guluu. Zimene zamatika:

– chala chachikulu ndi cholozera;
– chala china ndi tebulo;
– kabenchi ka okwera sitima, pachigongono panga.

Zimene sizinamatike: siteshoni.

Mayi a kunyumba, NyaManda, akundipeza ndikudzimatula ndi madzi ofunda. Saseka msanga mkazi wanga, amayamba wayang'ana kaye. Kenako: "Awisi Tawonga, guluu wa chiyani? Kondowole amagwira munthu m'mimba tsiku lathunthu, ndiye alephere kakatoni?" Aphika kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, andipatsa ndi nthenga ya nkhuku yopakira.

Wagwira! Makoma onse aima nji. Ndinakwatira bwino ine.

Lachitatu

Sitima isanafike, okwera afika kale. Nyerere! Mzere wolowera pakhomo, mzere wotulukira pazenera, zina zakhala m'chipinda chodikirira mwaulemu wake. Phala lonse zanyambita. Khoma lakumbuyo lagona chagada, ofesi ya matikiti ilibe denga.

NyaManda akuti, "Basi zaona kuti ndi chakudya chabwino." Akunena mokweza kuti a pansi pa mango amve.

Ndapita kwa wokonza njinga pamsewu kukapempha solushoni womatira machubu. Wandifunsa kukula kwa chibowo. Ndamufotokozera zonse, za Bambo, za chikwama, za nyerere. Wangondipatsa kachitini konse, nati, "Ada, kamangeni. Mdala asapite." Munthu wosamudziwa n'komwe dzina! Ndabwerera nako kunyumba.

Ndamanganso. Miyendo ya tebulo ndaiika m'zitini zamadzi. Solushoni akununkha moti nkhuku zasamuka pakhonde, koma siteshoni yaima, denga lakhala, khonde lili ndi mizati yake. Chitseko ndi mawindo awiri zikadali m'bokosi. Ndi yokongola, koma ya kwa eni ake: yoyera mbee, yopanda chipsera n'chimodzi chomwe. Bambo sangaizindikire. Mawa ikalamba.

Pa chakudya Bambo afunsa nthawi imene basi ya ku Salima imadutsa. Ndati sindikudziwa bwino. Mwana wathu Tawonga wawauza. Mwana ameneyu sukulu ikumupindulira molakwika.

Lachinayi

Tsiku lalikulu! NyaManda apita kudziwe kukavuula chinangwa chimene anaviika, ndatsala ndekha ndi luso langa. Zida:

– mwaye wa kunsi kwa ketulo;
– tiyi wotsala, wopanda shuga (nyerere ndaphunzira nazo);
– dzimbiri lopala pa lata lakale la bafa;
– dothi lofiira;
– phulusa;
– mswachi wanga, umene moyo wake watha lero.

Pang'onopang'ono, monga ananenera wa pa foni. Tiyi pamakoma, kuti aderedere. Mwaye pamwamba pa khomo, pamene utsi umafika. Dzimbiri kutsetsereka m'mizere ya malata. M'munsi mwa khoma dothi, pamene mvula imathovukira. Pakona ndachita kukanda ndi singano, laimu aoneke ngati wasupuka. Ndaphwanyako dala kagalasi kamodzi.

Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino, mtima wangoti phwii. Ndi yomweyo! Ndi momwe ndinaisiyira tsiku lomwe ndinkakwera sitima kupita ku koleji, Mayi atandimangirira mbatata m'kansalu. Ndakhala pa thumba la ufa, ndikuiyang'ana.

M'kachipinda mulowa chinangwa chonyowa, choncho siteshoni ndaikweza pamwamba pa kabati pabalaza kuti iume. Bambo sayang'ana m'mwamba, khosi limawavuta. NyaManda sindinawauze za kukalambitsaku, abwera atatopa, ndipo ndikufuna naonso adzadabwe.

Lachisanu

Adabwa ndine.

M'mawa ndapita ku Chintheche kukatengera Bambo mankhwala. Ndaiwaliratu kuti lero amayi a ku mpingo akubwera kudzapemphera nawo. Ndipo kuno amayi a mpingo akamabwera, nyumba imatsukidwa mpaka kuseri kwa kalendala. Fumbi la pamwamba pa kabati likhoza kukambidwa kuchokera kuno mpaka ku Bandawe.

Ndikubwerera masana. Pabalaza nyimbo. Pakati pa tebulo, pa kansalu koluka, pambali pa maluwa a pulasitiki: siteshoni yanga. Yasamba!

– mwaye: wachoka, ndi sopo;
– makoma: laimu wotsala pa Khirisimasi, kawiri;
– denga: polishi wofiira wa pansi, likuwala;
– m'munsi mwa khoma: kamzere kakuda kowongoka bwino, ngati nyumba ya abusa;
– kagalasi kophwanyika: kamatidwa ndi pepala la switi.

Madzi afufumitsa makatoni, khoma limodzi latulutsa mimba. Amayi akuiyamikira mosinthana. Wina akufunsa ngati ndingamumangire tchalitchi.

NyaManda akundinong'oneza kukhitchini, nkhope ili ngwee: "Utsi unakuonongerani kanyumba kanu, Ada. Ndinaona chisoni, mwavutika nako sabata yonse. Musathokoze cha." Manja awo ali ndi laimu mpaka m'zikhadabo. Adzuka m'mamawa, atsuka nyumba yonse, aphikira alendo, n'kupezanso nthawi yopenta mizati ndi kamtengo ka machesi. Ndinene chiyani? Ndati yewu, yewu ukongwa, zikomo wa Chitonga. Ndipo theka la yewu ameneyo ndi loona.

Bambo akhala pakati pa amayi, aiona. Atatha mapemphero afunsa ngati malaya awo a ulendo asitidwa.

Loweruka

Sindigonja. Mwaye ulipo wambiri m'dziko muno. Ndatenga siteshoni, ndakhala nayo kuseri kwa khitchini, ketulo pambali, ndayambanso kudetsa khoma lakutsogolo.

Chithunzithunzi chagwera pa ntchito yanga. Bambo! Achoka pansi pa mango, ndodo ili m'manja.

"Iwe, ukuchita chiyani?"

Ndafotokoza: kukalambitsa, akatswiri, foni, kuti ifanane ndi ya kwathu ija. Sindinawaonepo atakwiya chonchi chimwalirireni Mayi. Mawu awo ndawasunga: "Siteshoni yathu inali khola? Khonde lija ndinkasesa ndekha m'mawa uliwonse sitima isanalire. Laimu tinkapaka chaka ndi chaka. Miyala ya m'mbali mwa njira, yoyera! Iwe unaiona titapuma ntchito ife. Mpongozi wangayu ndiye waidziwa, ngakhale sanafikeko."

NyaManda, amene sitima anangoiona pa chithunzi cha m'buku la sitandade fayifi, aima pakhomo akuvomereza ndi mutu ngati anabadwira m'ngolo.

Ndalandidwa. Siteshoni yabwerera pa tebulo la pabalaza, Bambo mbali iyi, NyaManda mbali iyo ndi kansalu konyowa. Zolakwa zanga zikuwerengedwa pamaso pa ana: benchi ndaika kolakwika, okwera apsa ndi dzuwa, belu palibe, mbendera palibe, njanji yayandikira khonde, ipha anthu. Bambo akuyankhula Chichewa cha kwathu, NyaManda akuyankha chosakaniza ndi Chitonga, akumvana bwinobwino. Miyezi yonseyi amangopatsana moni ndi madzi osamba.

Chikwama chatsegulidwa, koma kungotulutsamo magalasi ndi kampeni. Chatsekedwanso.

Madzulo adya kondowole osadandaula, chifukwa pakamwa panali potanganidwa ndi nkhani ya sitima imene inagunda ng'ombe ya mfumu. Ine udindo wanga watsopano: kugwira chitini cha solushoni.

Lamulungu

Ndavomereza. Siteshoni yokalamba sidzakhalapo. Pa tebulo pali kanyumba koyera mbee, kamimba kutsogolo, denga lonunkha polishi. Wa pa foni uja atakaona akhoza kulira. Luso langa lonse lathera mu beseni, ndipo palibe amene akulisowa.

Bambo afuna kuyamba ntchito m'mawa, NyaManda awaletsa: pa Sabata ayi, Ada, ngakhale njanji. Amvera! Ine akanandiyankha. Apita nafe kutchalitchi, nyimbo za Chitonga akungotsatira ndi mutu.

Pobwerera ndalimba mtima, ndafunsa za basi ya mawa. Akuti, "Ndingachoke bwanji chinthu chili chonchi? Ndipita ikatha." Ndathokoza Mulungu chamumtima pamsewu pomwepo. Kenako awonjezera kuti ntchito yatsala pang'ono, mawindo awiri ndi chitseko, pofika Lachitatu atha. Munthu wa manja achangu ngati uyu sindinamuone.

Ndiye ndachita chinthu chosayenera mphunzitsi, pa Sabata penipeni. Iwo akugona masana, ndatenga kawindo kamodzi m'bokosi, ndakaponya m'thumba la jekete. Ndikutuluka mwakachetechete, ndakumana ndi NyaManda pakhonde. Andiyang'ana thumba, andiyang'ana kumaso. Kenako amasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, pamene amasungira ya chopereka. Muli chitseko cha siteshoni.

Bambo adzuka, apita kukayang'ana bokosi, kungoyang'ana, poti ndi Sabata. Afufuza, akutumula, aitana nyumba yonse. Akuti siteshoni yopanda chitseko singatsegulidwe, ndipo iwo sasiya ntchito ya theka, olo zitenge mpaka mvula.

Tonse tagwada pansi pa tebulo, tikuwathandiza kufuna.