Mizere ya M'foni

Amene akuti ndine wabodza aimirire andiyang'ane m'maso, chifukwa ine Zuze Banda wa ku Sinda kuno ndinalowapo m'foni ndi khasu.

Tinkakonzekera kuvumbula chiliza cha malemu akazi anga, anaPhiri. Mwana wanga Tamala, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta ku Lusaka, anabwera atapanga kapulogalamu koti abale akutali aonerepo chithunzi cha amayi ake. Chithunzicho chinali chimodzi chokha, chapepala chiswe chinadya kalekale. Pa laputopu chinkaoneka bwinobwino. Kutsegula pa foni, ogo! Nkhope yonse yapendekeka, mphuno ku Vubwi, chibwano ku Katete. Ndinachita mantha, ndinati akazi anga ndawataya kachiwiri.

"Adadi, sichinaonongeke," anatero Tamala. "Chithunzi chimasungidwa m'mizere ya timadontho. Foni imafuna mzere uliwonse uyambire pamalire ake, koma pulogalamu yanga ikungoilumikiza osasiya mpata kumathero."

Mizere? Kundiuza ine za mizere? Ndinavula nsapato, n'kutola khasu ndi chingwe, n'kudzipinda n'kulowera pakabowo kotchajira, mukumva, m'katimo n'kupeza munda waukulu kuposa boma lonse la Katete, mizere ili khotekhote, diso la anaPhiri litagwera mumzere wa khutu, ine n'kukhoma zikhomo, n'kukoka chingwe, n'kuyamba kuunda, kumathero kwa mzere uliwonse ndikusiya kampata kosabzala kanthu kuti wotsatira uyambire pachikhomo chake, magetsi akundiluma m'akakolo ngati linthumbu, batire likutha, dzuwa la m'menemo likufiira, wina n'kuimbanso foniyo nthaka yonse n'kumanjenjemera, ine khasu osalisiya! Mukumva? Ndinatulukira pa sipika, potulukira mawu paja, ndevu zikufuka utsi.

Tamala amauza anthu kuti anangowonjezera timipata m'pulogalamu yake ine ndikuwodzera pampando. Mulekeni, ndi wasukulu. Nanga matuza ali m'manjawa? Chabwino, amenewa ndinatupa pokumba mtedza, koma si nkhani yake.

Chimene sangatsutse n'chakuti atandipatsira foni ija, anaPhiri anali atawongoka, duku lili pamalo pake. Mtima wanga unakhala pansi, mpaka misozi inatsika osaiitana. Ankandiyang'ana ndi diso lomwe lija ankandiponyera ndikayamba kukometsa nkhani pagulu.

Ndinapukuta galasi ndi malaya n'kunong'ona kuti, "Ndamva, anaPhiri. Koma khasu lokha ndinalowa nalo."