Tenti ya Anthu Awiri

Lolemba
Chiyambireni alamu kugona pa sofa pathu ntchito yawo ya zomangamanga itatha, ine ndi mkazi wanga Tadala sitinakhalepo awiriwiri. Tikulankhulana monong'ona ngati akuba. Lero mnzanga wa kuchipatala akuti malo okagona m'matenti adzaza chifukwa azungu ndalama zopitira kutchuthi ku Spain zawathera. Koma akuti kumapiri a Wicklow, kunja kwa mzinda uno, ukangoyenda kutali ndi msewu umakhoma tenti ulere, popanda munthu. Popanda munthu! Loweruka tikupita.

Lachiwiri
Mnzanga uja wandibwereka tenti, ya anthu awiri. Malamulo ake:
moto ayi
zinyalala ubwerere nazo
ukadzithandiza, kumba dzenje
Ndikumufunsa, odi timakapanga kwa ndani? Akungoseka. Nanga munthu wa nyumba yabwinobwino amakasaka chiyani kutchire? Ndikufuna ndikaone ndekha.

Lachitatu
Ndikuyesa kuikhoma pabalaza. Alamu akuyang'ana osaphethira, kenako akundifunsa: "Alamu, landilodi wanena chiyani?" Ndikuwauza kuti ndi kokasangalala chabe. Akugwedeza mutu ngati ali pamaliro.

Lachinayi
Nkhani yafika kale kutchalitchi kwathu ku Citywest. Amayi busa aimba foni, akuti chipinda cha ana awo chilipo, tisachite manyazi, chaka chino ambiri zawavuta. Pamsika wa pa Moore Street bambo wina wa ku Chipata wandigwira mkono nthawi yaitali. Akuti tilimbe mtima. Ndikamakana m'pamene akundimvera chisoni kwambiri.

Lachisanu
Alamu sakudya. Akuti adziwa, ndi iwo atipanikiza mpaka tikukagona ndi nkhosa. Tadala akulumbira kuti ayi, achimwene. Iwo: "Mlongo wanga pamphepo, ine pa sofa? Tivutikira limodzi." Amanga kale bulangete ndi chingwe. Tadala akundiyang'ana, ine ndikuyang'ana Tadala. Woti awaletse palibe.

Loweruka
Takwera basi, kenako wapansi mpaka miyendo kuwawa. Koma malo ake! Zii. Mapiri, kamtsinje, nkhosa zopakidwa penti kumsana, mwini wake osaoneka. Kumudzi zikanatha tsiku lomwelo. Tizilombo touluka tikuluma ngati tatumidwa. Tikudya buledi ndi sadini wozizira. Mvula yayamba dzuwa lisanalowe, tonse m'tenti. Alamu akuti agona pakati chifukwa m'mbali mukudontha ndipo ali ndi chifuwa.

Lamulungu
Khosi silikutembenuka. Mkazi wanga ndamugwira dzanja kamodzi kokha, podutsa pamwamba pa mimba ya alamu, ndipo ndikukayika ngati linali lake.
M'mawa ndawapeza alamu atakhala pamwala, nsapato atavula, akuseka okha. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata kumano. Akuti chiwachotsereni ntchito aka n'koyamba kugona mpaka kucha, kuno palibe wowafunsa ngati apeza china. Tadala misozi. Inenso mkwiyo wandithera, ndatsala ndi chisoni.
M'basi andipempha kuti tenti ndisabweze msanga. Mtima wanga phaa, ndati akufuna azibwera okha, nyumba itsale yathu. Ayi ndithu. Akuti okha angaope. Loweruka likubwerali, atatu.