Maliro a Aunt Winnie

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma poti amayi a kutchalitchi kwathu akuifotokoza kale mokhotetsa pa baby shower iliyonse mu Perth muno, bola ndiinene ndekha mwiniwakene. Sekani ndithu, ine manyazi anandithera tsiku lomwelo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangotha miyezi inayi chifikireni ku Australia. Ndinkakhala ku Maddington, ntchito ndinkagwira kunyumba ina yosamalira okalamba cha ku Ellenbrook. Ndinali ndikadali pa probation, ndipo visa yanga inali yomangirira pa ntchito imeneyo. Kungochotsedwa, basi, ulendo wa ku Lilongwe, ana anga awiri amene ndinkafuna kuwaitanitsa n'kukandiona ndikutsika ndege ndi chikwama chomwe chija ndinanyamuka nacho. Ndiye ndinkayenda mosamala ngati ndasenza mazira.

Shift yanga inali ya m'mawa, six mpaka one koloko. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa tsoka langa linagona pamenepo.

Mwa okalamba amene ndinkawasambitsa munali agogo a Desmond, bambo a zaka zopitirira eite, mutu utayamba kusokonekera koma aulemu kwabasi. Anzawo m'mawa ankangodandaula za msana. Iwo ayi, ankadzuka ndi nkhani.

"Esnart, wamva zimene wachita Freddie dzulo?"

"Ayi agogo, watani?"

"Waswa windo la aneba ndi mpira, n'kunamizira galu!"

"Aaa, mwana ameneyu! Nanga bambo ake?"

"Amukhazika pansi n'kulankhula naye bwinobwino. Munthu uja sakweza mawu."

Tsiku lililonse yatsopano. Lero Freddie wabisa report ya kusukulu mu fridge. Mawa mkulu wake wagunditsa galimoto pa geti. Mkucha Aunt Winnie, amene ankakhala ndi banjalo n'kumaliphikira, apsereza keke alendo ali pakhomo. Pakhoma la chipinda cha agogowo panali chithunzi mu frame, anthu asanu mano ali mbee, galu pakati. Chithunzicho chinali cha black and white, koma ine ndinangoti ndi ma filter a masiku ano.

"Amabwera liti anthu amenewa, agogo?"

"Tsiku lililonse two koloko. Sajomba."

Mtima wanga unakondwa. Okalamba ena pamalopo ankatha mwezi osaona m'bale ndi mmodzi yemwe, koma awa tsiku ndi tsiku! Ndinkadandaula kuti ndimaweruka iwo asanafike. Mpaka ndinayamba kutumiza moni.

"Mukawapatse moni Aunt Winnie."

"Ndiwauza," agogo ankatero. Ndipo mawa lake ankandiuza kuti moni wafika.

Ndiye Lachitatu lina ndinawapeza atayang'ana kukhoma. Phala osalikhudza, tiyi atazizira.

"Agogo, kwagwanji?"

"Winnie wamwalira."

Ndinakhala pansi ndi thaulo m'manja. "Mayo! Liti?"

"Sindikudziwa. Palibe wandiuza. Dzulo ndaona kukhitchini kwake kuli mayi wina, wavala apron yake. Mpando wake patebulo auchotsa. Palibe ndi mmodzi yemwe akutchula dzina lake."

Ine ndinaganiza kuti dzulolo anawatengera kunyumba kukacheza. "Nanga maliro aika liti?"

"Kulibe maliro, Esnart. Ndipo anthu akungoseka. Freddie akangotsegula pakamwa, chikhamu cha anthu chikufa nacho chiseko."

Magazi anga anawira. Kuseka! Munthu amene wakuphikirani zaka zonsezi! Ndinapita kwa nesi kukamuuza kuti a Desmond aferedwa ndipo sakudya. Nesiyo anali wobwereka, wa tsiku limodzi, nayenso sankadziwa kanthu. Anangoti "oh, poor thing" n'kulemba mu file.

Lachinayi agogo anangomwa madzi. Lachisanu anakana ndi kumetedwa komwe, masaya atayamba kulowa. Ndikubwerera ku Maddington pa sitima, zinandikanika kupirira. Ndinalemba pa gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kuti kuntchito kwathu kuli bambo wachikulire waferedwa, abale amubisira maliro, akulira yekha ndipo tsiku lachitatu lino sanadye.

Sipanathe mphindi ziwiri, mayi Gondwe, tcheya wathu, anaimba.

"Mai a Chiku, mukuti munthu wamkulu akulira yekha?"

"Yekhayekha, mayi."

"Popanda nyimbo? Popanda womugwira dzanja?"

"Ndi pepani yemwe sanamumve."

"Ife tili moyo mu Perth muno? Mawa tikubwera!"

Kunena zoona, sabata yoyamba pantchito anatiphunzitsa tsiku lathunthu kuti nkhani za okalamba sizituluka pageti. Ndinakhoza mayeso ake bwinobwino. Koma inu mukudziwa, Mmalawi akamva mawu oti maliro, zonse za m'kalasi zimathawa.

Loweruka nditaweruka ndinadikira pa car park. Hafu pasiti wani zinafika galimoto ziwiri, n'kutsika amayi asanu ndi awiri, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, wina flask, wina beseni la mandasi. Mtsikana wa pa reception anaganiza kuti ndi kwaya yodzasangalatsa okalamba. Anawapatsa ma badge akumwetulira, mpaka kuwatsegulira chitseko.

M'chipinda cha agogo munali mipando iwiri, koma ndani amakhala pampando pamaliro? Onse pansi pa carpet, miyendo tambalale. Mayi Gondwe anayenda chogwada mpaka pa bedi n'kuwagwira agogo dzanja ndi manja awiri.

"Pepani bambo. Sorry, sorry. Zimachitika."

Aliyense anapita kukagwira dzanja. Kenako nyimbo inayamba, chapansipansi, monga ndinawapemphera. Vesi yoyamba yokha ndi imene inali yapansipansi. Pofika pa kolasi, mayi Banda, amene anali asanawaonepo a Desmond chibadwire, anali atagwira kale mutu.

"Mayo ine Winnie! Ana awa wawasiyira ndani! Freddie adya kuti!"

Mayi Gondwe anakweza dzanja kuti timve mbiri ya malemu. "Bambo, anali munthu wotani?"

Agogo anakhala tsonga. Anati malemu ankapsereza keke nthawi zonse koma mwana sankagona ndi njala m'nyumba mwake. Anati ankaimba akamatsuka mbale. Anati ukachedwa kubwera, unkapeza chakudya chako atachivundikira ndi mbale ina. Mawu anawathera, n'kuyamba kulira ngati mwana. Tonse tinalira nawo. Ine ndiye ndinkatsogolera.

Two koloko yeniyeni chitseko chinatseguka. Analowa mayi wachizungu wa zaka za m'ma fifite, kabokosi m'manja. Kumbuyo kwake kunali Sharon, manager wathu, amene anabwera kutsatira phokoso.

"Dad? Chikuchitika n'chiyani muno?"

Ndinazindikira kuti uyu ndi Julie, mwana wawo, amene dzina lake ndinkaliona mu file. Ndinati eya, abale aja ayamba kufika. Ndinadzuka, kukonza chitenje pamwamba pa uniform, n'kumugwira dzanja.

"Pepani mayi ndi imfa ya Aunt Winnie."

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi zili bwinoko. Koma pakamwa panga sipadziwa mabuleki.

"Komabe mundikhululukire, kwathu munthu wamkulu sitimubisira maliro. Kuchotsa mpando wa malemu mwakachetechete, dzina lake osalitchulanso, si bwino. Ndipo kuseka kuja mukuseka, muwauze anthu asiye!"

Julie anandiyang'ana, nkhope itafiira. "Aunt ndani?"

"Winnie."

Anayang'ana chithunzi cha pakhoma. Anayang'ana kabokosi kanali m'manja mwake. Nanenso ndinayang'ana kabokosiko. Anthu asanu, mano mbee, galu pakati.



Julie anatsegula kabati imene ine ndinkaiyesa ya zovala, mkati muli TV. Analowetsa DVD. Kanyimbo kosangalala kanalira, panaoneka nyumba ya black and white, kamnyamata kanatsika masitepe kakuthamanga, n'kugwa chagada. Pompo chikhamu cha anthu osaoneka chinaseka kuti gwedeee!

"Uyo Freddie," anatero agogo, akupukuta misozi. "Wamva akusekawo?"

Julie anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi ana a nursery. Linali sewero la pa TV la ku America, la kalekale bambo ake ali mnyamata. Iye ankabwera two koloko tsiku lililonse kudzawaikira gawo limodzi. Lachiwiri anayamba season four. Mayi amene ankasewera ngati Winnie anasiya ntchito season three itatha, eni seweroli n'kungoikapo wantchito wina kukhitchini osafotokoza kanthu.

M'chipindamo munangoti zii, kupatula azungu a mu TV amene ankapitiriza kutiseka.

Mayi Banda, misozi ikadali pachibwano, anafunsa, "Mai a Chiku, mukutanthauza kuti ine ndasiya overtime kudzalira filimu?"

Mayi Gondwe anangondiyang'ana, diso lija amayang'anira munthu amene foni yake yalira nthawi ya ulaliki.

"Esnart," anatero Sharon. "Office. Now."

Kakhonde kaja n'kakafupi, koma tsiku limenelo ndinayenda mtunda. Ndinaona bwalo la ndege. Ndinaona alamu anga akufunsana kuti wabwerera chifukwa chiyani, wina n'kuyankha kuti anachititsa maliro a munthu wa pa TV. Ana anga ndikawauza chiyani?

Sharon anatseka chitseko n'kuyamba kuwerenga pa zala. Ndatulutsa nkhani ya wokalamba kunja. Ndalowetsa anthu seveni osapempha. Ndabweretsa chakudya chimene nesi sanachione. Ndakalipira mwana wa resident pamaso pa bambo ake. Chala chachinayi chili m'mwamba, ine ndinali nditayamba kale kuvula badge.

Pachitseko panamveka kugogoda. Anali Julie, maso ali psuu.

"Tabwerani mudzaone."

Tinabwerera. Agogo a Desmond anali atakhala pakati pa amayi aja, thaulo pachifuwa, akunyika ndasi mu tiyi. Mayi Gondwe anali akuwanyemera tizidutswa ting'onoting'ono.

"Ndasi lachiwiri limenelo," mayi Gondwe anauza Sharon monyadira. "Ndipo akufunsa ngati lunch yawo ija ikadalipo."

Julie anatikokera pakhonde. Anati mayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, bambo ake mutu utayamba kale kusokonekera. Pabanja anagwirizana kuti asawatengere kumaliro, asawauze n'komwe, kuopa kuwasautsa. Anangochotsa mpando wa mayi patebulo n'kusiya kutchula dzina lawo.

"Winnie wa pa TV saimba akamatsuka mbale," anatero Julie. "Savundikira chakudya cha munthu. Amene ankachita zimenezo ndi amayi anga. Bambo sanalirepo mpaka lero."

Anandikumbatira, ine manja ali lende, osadziwa kuti ndilire kapena ndipepese. Kenako anatembenukira kwa Sharon n'kunena kuti ngati mtsikana uyu achotsedwa ntchito, iye alemba kalata yodandaula.

Sharon anapuma mpweya wautali. Anati andilembera warning. Anati training ija ndiibwereza yonse, ndi mayeso omwe. Anati amayiwo akafuna kudzaimbanso adzayambe alembetsa ngati ma volunteer, ndipo mandasi azidzera kwa nesi.

"Nanga ntchito?" ndinafunsa.

"Monday, six koloko. Usachedwe."

Abale, ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuseka, misozi ikutsika. Chibadwire sindinasangalalepo ndi warning ngati tsiku limenelo. Pobwerera amayi aja anandiseka kuchokera ku Ellenbrook mpaka ku Maddington, mayi Banda akubwereza "Freddie adya kuti!" pa robot iliyonse, koma ine ndinkangoti sekani, badge yanga ili pachifuwa.

Lolemba m'mawa ndinapeza agogo atamaliza phala lonse, mbale ili mbee. Ndikuwameta ndevu anandigwira mkono, n'kuyang'ana kuchitseko ngati pali wina akumvetsera.

"Esnart, amayi oimba aja."

"Ee, agogo?"

"Uwauze asapite kutali. Galu wa Freddie sakudya."

Kuyambira tsiku limenelo, ndisanaitane amayi a zitenje, ndimayamba ndafunsa ngati malemuyo ali ndi manda kapena ali ndi ma season.