Ming'oma ya Orval Pamanda Ake Omwe

Malemu Orval Haugen wa kwathu kuno ku North Dakota ankamvera chisoni mapiko a njuchi kuposa mawondo ake. Asanaike mng'oma paliponse, ankayamba wayenda wapansi kukafika pamene pali maluwa. Akafika ali wefuwefu, basi, malowo akanika.

"Chimunthu chonsechi ndatheratu, nanga kanjuchi?" ankatero. "Pobwerera kadyera m'njira zonse zimene katola, kunyumba n'kufika chimanjamanja!"

Mkazi wake Bernice ankangopukusa mutu. "Ine kugolosale simunandiyezerepo mtunda."

"Iwe supanga uchi."

Ndiye kunagwa chilala, abale inu, mpendadzuwa kuuma gwa! Maluwa anangotsala kumanda a tchalitchi chathu, m'mphepete mwa dambo, kutalitali ndi kwa Orval. Ming'oma yake inapepuka ngati makatoni. Tonse tinadziwa kuti chisanu chikafika, njuchi zopanda uchizo zithera momwemo.

Orval anakagwada kwa Abusa Lindqvist kuti aike ming'oma kumandako. Abusa anakana kwamtuwagalu.

"Ziluma anamfedwa, bambo Haugen."

"Nanga ogona m'menemo adandaula?"

"Ndati ayi!"

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, tinangoona ming'oma ili pamzere pakati pa manda, Orval ali khale pampando, akumwa khofi. Abusa anathamanga mkanjo uli petupetu.

"Mwaika pamalo a yani?"

"Anga, Abusa. Manda awa ndinagula kalekale, dzina langa ilo pamwalapo. Mwiniwakene tulo sitinandigwire, ndiye ndayamba ndagonekapo alendo."

Ife tinaseka mpaka kugwirana mapewa.

Koma uchi wa chaka chimenecho, eee! Orval anazisiyira njuchi wokwanira chisanu chonse, wotsalawo anafula mpaka Bernice anayamba kupempha mabotolo khomo ndi khomo. Njuchi zinapulumuka zonse. Abusawo ndinawaona ndi maso angawa akupaka uchiwo pabuledi, akunyambita chala mobisa.

Chaka chatha Orval anatisiya. Tauni yathu yangoti zii, palibenso wotiputa Lamulungu, ndipo ine ndimamusowa kwabasi. Tsiku lokumba manda ake, adzukulu anafunsa Bernice kumene asamutsire ming'oma ija.

"Kusamutsa? Ingoikankhani pang'ono. Pambalipo ndi panga, ndipo ine sindikufulumira."

Anatero akuseka, misozi ili chuchuchu.