Umboni Wanga wa M'thumba la Zochapa

Mpaka lero ndikamadutsa pa sukulu ya kwathu ku Nsefu ndimapalasa njinga mofulumira, maso ali pa tayala lakutsogolo. Ana asukulu sadziwa kanthu, koma makolo awo onse analipo tsiku limene ndinagwira maikolofoni koyamba m'moyo wanga. Zinthu sizinayende bwino.

Ntchito yanga inali yochapa ndi kusita zovala pa loji ina m'mbali mwa Luangwa (dzina sindilitchula, ndinalitchula kale mokwanira). Ndinagwira zaka zambiri popanda mlandu. Chovala cha mlendo sichinasowepo m'manja mwanga, ndipo malaya ndinawotchapo amodzi okha.

Sabata imeneyo sitinkalankhulana ndi mkazi wanga, amake Tiza. Inali nthawi yanga yolondera dimba, ine ndinagona pa nsanja, njovu zinalowa n'kudya chimanga chathu chachiwisi mpaka kumalire. Ndinadzuka dzuwa litatuluka, n'kupeza ndowe zili utsi tolotolo pansi pa nsanja yomwe ndinagonapo. Kuyambira pamenepo chakudya ankangondiikira patebulo n'kutuluka. Akamachoka sankanena kumene akupita, ine osafunsa.

Ku loji kunabwera alendo awiri ochokera kunja kudzamanga ukwati. Izi zimachitika kawirikawiri, azungu amakonda kukwatirana mvuu zikuwaonerera. Lachisanu masana ananditumiza kukasiya nsalu za patebulo pansi pa mtengo wa mchenja, pamene pankakonzedwa mwambowo. Ndili chapatali ndinaona awiriwo akuyeserera. Onse anavala mathalauza a khaki, malaya oyera ndi zipewa zazikulu, atagwirana manja. Ndinaima kaye. Kenaka ndinati mwina ndi dzuwa.

Koma nditabwerera kochapira ndinapeza thumba la zovala la m'chipinda mwawo. Munali mathalauza, malaya, masokosi. Diresi munalibe, siketi munalibe, chovala chilichonse cha munthu wamayi munalibe. Ndinalikhuthula kawiri. Pamenepo ndinaweruza mlandu ndekha, pakati pa sopo ndi beseni: amenewa ndi amuna okhaokha. Loweruka, tsiku la ukwatiwo, ndinaswera ndikusita. Ndinamva kwaya ikuimba kumtsinje, ndinangopukusa mutu, osauza munthu.

Lamlungu lake fotini awazi, 2 koloko masana, kunali msonkhano pa sukulu. Anthu awiri ofuna ukhansala wa dera lathu anavomera kudzalankhula pa bwalo limodzi. Woyamba anali a Mbewe, ogula thonje, munthu wa mawu aakulu, amene anabwera ndi lole ndi masipika. Wachiwiri anali Mayi Sakala, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anabwera wapansi atanyamula ambulera. Ine ndinapita ndi funso limodzi lokha, la njovu. Ndinalilemba pa kapepala kuti ndisaliiwale.

A Mbewe sanachedwe ndi za mijigo kapena misewu. Anakweza Baibulo m'mwamba.

"Abale anga, malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti ndife dziko la Chikhristu. Koma kuli anthu ena akufuna mwamuna akwatire mwamuna mnzake. Mukasankha molakwika, zimenezi zifika mpaka kuno ku chigwa. Boma liyenera kuyenda ndi buku ili!"

Anthu anakuwa, amayi analuluta. Mayi Sakala anadikira kuti phokoso lithe, kenaka analankhula ngati ali m'kalasi.

"Inenso ndimapemphera, a Mbewe, mpingo wanga mumaudziwa. Koma khansala sapanga malamulo a ukwati, amenewo amapangidwa ku Lusaka. Ndipo mjigo ukabooledwa, amatunga Mkhristu, Msilamu ndi uja sapemphera komwe. Abusa ali ndi ntchito yawo, boma lili ndi yake. Ndiuzeni, ukwati woterowo munauonapo kuti muno mu Nsefu?"

A Mbewe anayang'ana uku ndi uku. Nthawi yomweyo wotsogolera msonkhano anati tsopano mafunso, ndipo poti dzanja langa linali m'mwamba kuyambira kalekale chifukwa cha njovu, maikolofoni inafika kwa ine.

Sindikudziwa ngati munaigwirapo. Umangoti "mwaswera bwanji" n'kumva mawu ako akubwerera kuchokera ku khoma la sukulu, aakulu ngati a munthu wolemera. Khamu lonse linayankha kuti taswera. Kapepala kanali m'dzanja lamanzere. Sindinakatsegule.

"Amayi afunsa kuti tinauona kuti," ndinatero. "Ine ndauona. Dzulo lomweli. Ku ntchito kwanga."

Bwalo linagwedezeka. Wina anafuula kuti nditchule loji, ndinaitchula. Wina anafunsa ngati ndinaona ndi maso anga, ndinati ndi maso awa awiri, ndipo zovala zawo ndachapa ndi manja awa. Anthu anaomba m'manja. Ndikuuzani zoona, chibadwire palibe anandiomberapo m'manja, ngakhale tsiku la ukwati wanga ankaombera amake Tiza. Zinandikomera. Ndinawonjezera kuti mmodzi anali ndi ndevu (ndevu sindinazione, zinangomera pakamwa panga).

Kumbali ya amayi ndinaona amake Tiza ataimirira, akukupiza chitenje m'mwamba ndi manja onse awiri, akundiyang'ana maso ali tong'o. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati taonani, sabata yonse osandilankhula, lero akundichemerera. Ndinawakwezera dzanja.

Mayi Sakala anapempha maikolofoni. "Bambo, muli ndi chitsimikizo? Mawu amenewa angathe kuvulaza anthu."

Koma a Mbewe anali atandigwira kale mkono n'kuukweza ngati ndapambana nkhonya. "Mboni ndi iyi! Tiyeni tikaone tokha!"

Sindinadziwe kuti ndakwera bwanji lole. Anandikhazika kutsogolo, pakati pa a Mbewe ndi abusa a mpingo wathu, a Njobvu, amene anangokokedwa ali ndi jekete lawo la Lamlungu. Kumbuyo kunadzaza anthu akuimba nyimbo za kutchalitchi. Tili m'njira abusa anandinong'oneza.

"Atate ake Tiza, nkhopezo munaziona bwinobwino?"

"Zipewa zinali zazikulu, abusa."

"Ndevu zija?"

Ndinayang'ana pawindo. Kukoma konse kuja kunayamba kusanduka china.

Pa geti mlonda anakana kutsegula, anaitana manejala wathu, Mayi Phiri. Iwo ndi munthu wosakweza mawu, ndipo ndicho chimene chimaopsa. Anatuluka atanyamula foni, anapereka moni kwa abusa, kenaka kwa a Mbewe, n'kumvetsera nkhani yonse osadula. Ataona ine ndikutsika kutsogolo kwa lole anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Alendowo anyamuka m'mawa pa ndege ya ku Mfuwe," anatero. "Zithunzi za alendo sindionetsa anthu. Koma ichi anandilola kuti ndipereke kwa a kwaya, ndiye abusa mungachione."

Abusa anavala magalasi. A Mbewe anasuzumira paphewa pawo, inenso ndinasuzumira. Pa chithunzipo panali mwamuna wamtali wa suti, ndi mkazi wa tsitsi lalifupi atavala diresi loyera, mimba ili patsogolo, ya miyezi ingapo ndithu. Kumbuyo kwawo kunali kwaya ya amayi ovala zitenje zofanana.

"Koma iyi ndi kwaya yathu," anatero abusa. Anayandikitsa foni kumaso. "Uyu wachitatu si amake Tiza?"

Anali iwo, kukamwa kuli yasa, akuimba.

Nthawi yomweyo kunamveka belu la njinga. Amake Tiza anafika atapalasa kuchokera kusukulu pa njinga yanga, fumbi lili mpaka m'nsidze. Sanapereke moni kwa wina aliyense.

"Inu, ine kukupiza chitenje konse kuja mumati ndikupitikitsa ntchentche? Mkwatibwi tinamuveka chitenje ife ndi manja athu. Mukanandifunsa!"

"Simunkandilankhula," ndinatero.

"Ndiye munasankha kufunsa Nsefu yonse?"

Kumbuyo kwa lole nyimbo inali itazima. Wina anayamba kuseka, ena n'kulandira. Ine ndinayesa kugwira kanthambi komaliza. Ndinati koma m'thumba la zochapa munalibe chovala chilichonse cha munthu wamayi.

Mayi Phiri anapuma mpweya waukulu. "M'tchire muno alendo aakazi amavala mathalauza chifukwa cha ntchentche zoluma za kashembe, mukudziwa. Diresi la ukwati salipereka kochapira. Ndipo zovala zamkati za amayi amachapa okha m'chipinda, tinalemba pa khadi. Lamulo limenelo analipempha ndani?"

Ndinali ine. Chaka changa choyamba ndinatsogolera anzanga kukadandaula kuti ife amuna sitingachape zimenezo.

A Mbewe anakwera pa sitepe ya lole n'kulengeza kuti asocheretsedwa ndi munthu wosadalirika, koma kuti tcheru n'chofunikabe m'dziko la Chikhristu. Lole inatembenuka, inapita. Ine sanandifunse ngati ndikufuna kukwera.

Lolemba m'mawa Mayi Phiri anandiitana mu ofesi. Sanandikalipire. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti nkhani yotere ikafika kwa apolisi kapena pa wailesi, loji ingathe kutsekedwa akufufuza, ndipo anzanga onse, ophika, alonda, oyendetsa alendo, angakhale pakhomo chifukwa cha pakamwa panga. Ndinati ndikudziwa tsopano. Kenaka anafunsa funso lina.

"Tinene kuti analidi amuna. Munabwera ndi lole yodzaza anthu. Mumafuna awachite chiyani?"

Za ukwati ine ndimakhulupirira zimene mpingo wanga umaphunzitsa, ndipo sindinasinthe. Koma funso limeneli sindinadzifunsepo m'njira monse muja. Anthu awiri amene sanandilakwire, amene anandipatsa moni bwinobwino pa khonde, ndinali wokonzeka kuwapereka kwa khamu chifukwa anthu anandiombera m'manja. M'lolemo munali ena amene anatola miyala pokwera. Ndinawaona, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Kuulula za alendo ndi mlandu wochotsedwa nawo ntchito. Anandipulumutsa ndi amake Tiza, amene anabwera ndi abusa kudzapepesa, ndiponso zaka zanga zopanda mlandu zija. Anandiimitsa masabata awiri. Abusa nawonso anandipatsa chawo chilango: kuimirira kutsogolo kwa mpingo n'kubweza mawu anga, kuphatikizapo ndevu. Nditatha, iwo analalikira za umboni wonama, ndipo ananena poyera kuti sadzakweranso lole ya kampeni ya wina aliyense, guwa lawo likuwakwanira. A Mbewe sanasangalale nazo.

Mayi Sakala ndinakumana nawo pa chigayo patapita masiku. Ndinafuna kubisala kuseri kwa matumba, koma anandiona.

"Muli bwanji, a Mboni?"

Dzinalo linali litafala kale. Ndinapepesa kuti ndinawasokonezera msonkhano.

"Msonkhano si kanthu," anatero. "Koma munali ndi kapepala m'manja. Munalembapo chiyani?"

Ndinawauza. Anaseka mpaka anagwira khoma, kenaka anatulutsa kope lawo n'kulemba funso langa lonse, ndi dzina la dimba lathu. Pa anthu onse a tsiku limenelo, iwo okha ndi amene anamva chimene ndinapitira kumsonkhano.

Nditabwerera kuntchito sanandibwezere kochapira. Mayi Phiri anandipatsa payipi ndi fosholo, akuti ndizithirira kapinga ndi maluwa, chifukwa maluwa alibe zinsinsi. Ndinkaganiza kuti ndapepukidwa. Koma wothirira maluwa amazungulira loji yonse, ndipo amaona zambiri kuposa wochapa. Mwezi uno wokha ndaona kale zinthu ziwiri zimene sindikuzimvetsa. Zonse ndinakazitula kaye kwa amake Tiza. Choyamba anati ndi mchimwene ndi mlongo wake, ndisiye. Pa chachiwiri anangondiwonjezera ndiwo n'kunena kuti ndidye, pakamwa pakhale ndi ntchito.