Nkhondo ya Mapegi Khumi ndi Awiri

Tcherani khutu, inu mibadwo ya m'tsogolo, pakuti m'chaka chimene dzuwa linawamba New Mexico mpaka phula kusungunuka, kunabuka nkhondo pakati pa a Eusebio Archuleta, Mwini Chiwongolero, Obalalitsa Nkhuku ndi Hutala, ndi alamu awo a Nestor, makaniko, Mfumu ya Masipanala, amene zikhadabo zawo zinatsanzikana ndi sopo kalekale.

Gwero lake linali Bulu, chigalimoto chokwera mapiri chimene a Eusebio anasiyiridwa ndi malemu bambo awo. Kuchigwa Bulu ankabangula bwinobwino, koma akafika pakati pa chitunda cha kunkhuni, ankatsokomola kawiri n'kuthima. Katatu konse a Ofelia, akazi a Eusebio, Oweruza Opanda Apilo, anabwerera kunyumba wapansi.

"Chikathimanso Loweruka, chikupita kwa ogula zitsulo," anagamula motero. "Achimwene a Nestor, inu mukakhale mboni."

A Eusebio anachita mantha enieni, pakuti pampando pa Bulu pankanunkhirabe fodya wa bambo awo. Anakumbukira nzeru ya malemuwo, yoti petulo akawira m'paipi, umapanapo mapegi amtengo kuti amwe kutenthako. Anathothola onse khumi ndi awiri pachingwe choyanikira, ndipo masana omwewo mphepo inanyamula zovala zam'kati za a Ofelia n'kukazikoleka pampanda wa tchalitchi.

"Alamu, mwayanika injini?" anafunsa a Nestor atasuzumira m'boneti. "Mukaisite ikauma! Matenda ali m'kabuleta."

"Kabuletayo mwaimasula kasanu, yachira? Bambo anga ankakwera phiri ili ndi mapegi inu mukuyamwa chala!"

Loweruka ngwazi ziwirizo zinanyamuka, fumbi koboo, agalu akuchitira umboni. Pakati pa chitunda, Bulu anatsokomola kawiri n'kukhala chete. A Eusebio anagoneka mutu pachiwongolero, misozi ili lengelenge.

"Kapena mwaiwala kuthira petulo, ankolo a mapegi," anatero a Nestor, n'kupotokola chitsekero cha thanki kuti awanyogodole bwino.

Thanki inapuma mpweya wautali, fyuuu, ngati munthu wotula thumba la chimanga. Anayang'ana chitsekerocho: kabowo kake kolowera mpweya kanali katamatidwa ndi matope, choncho thanki inkabanika n'kumakaniza petulo. A Eusebio anatokosa kabowoko ndi kaminga, naliza injini, Bulu n'kubangula nthawi yomweyo.

Magulu onse awiri ankhondo anali atagonja kwa kadothi kochepa ngati nyemba. A Eusebio anaganiza za mpanda wa tchalitchi, manyazi n'kuwagwira mpaka m'makutu.

"Alamu," ananong'ona, "Bulu wathima lero?"

A Nestor anakumbukira maulendo asanu aja omasula kabuleta yosalakwa. "Ine sindinaone. Mapegi anu ndi kabuleta yanga zagwira ntchito mogwirizana."

Anabwerera ndi nkhuni zodzaza, hutala ikulira mudzi wonse, ndipo a Ofelia anamvetsera lipoti lachipambanolo mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Ndiye mapegiwo asachoke m'injinimo, Bulu angadwalenso," anatero mokoma mtima. "Atsopano sindigula."

Motero mtendere unakhazikika m'dziko, ndipo mwambo wake umachitika Lolemba lililonse dzuwa lili paliwombo: ngwazi ziwiri zimaima pachingwe, manja m'mwamba, zitapana nsalu zofunda ndi zala.

"Alamu, yauma?"

"Khalani chete, a Ofelia akutiyang'ana pawindo."