A Fabiano ndi kenelo yonenepa

Malemu a Fabiano anali munthu wodulira. Ntchito anayambira m'munda wa tiyi, mpeni uli m'manja, ndipo ngakhale esiteti inawatumiza ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, dzanja silinaiwale. Chilichonse chotalika chinkawanyansa: moni, pemphero la chakudya, ndevu za anzawo. Pa ukwati wa mwana wawo analankhula mawu anayi n'kukhala pansi, anthu ena asanatembenuke n'komwe.

Ofesi ya esiteti inali ndi waya wa foni umodzi basi, womangidwa ku modemu, kabokosi kolira ngati mphaka wopondedwa mchira kamene kankalumikiza makompyuta. Pa waya umenewu bwana Elson, manijala watsopano wochokera ku Lilongwe, ankaimbira ku Limbe kuti aone mitengo ya tiyi. Pa waya womwewo Salome, nesi wa kachipatala ka kuchigwa, ankatumiza mayina a odwala ofunika galimoto. Tsoka lake, kompyuta yokalamba ya muofesimo inkatha chimodzi: kuimba kapena kuyankha. Bwana atatopa ndi kusinthasintha, analamula kuti izingoimba.

Salome anadziwa tanthauzo lake: kalata pa njinga, makilomita khumi ndi asanu a matope, wodwala akubuula pa benchi. Anakwera mtunda wonsewo kukapeza a Fabiano ku ofesi.

"Bambo, ndiye mwandisiya ndi njinga, eti?"

"Waya ulibe mlandu, sisitala. Kenelo yanenepa."

"Ndi ndaninso ameneyo?"

"Phata la pulogalamu yoyendetsa makinawa. Yadya malo onse, woyankha foni alibe pokhala. Tiidulira."

Bwana atamva anaseka, n'kuwapatsa mpaka Lachisanu.

Lolemba a Fabiano anachotsa zonse zotulutsa nyimbo ndi phokoso, kompyuta n'kukhala duu. Lachiwiri bwana anatulukira pakhomo ndi pepala loyera.

"A Fabiano, pulinta bwanji sikusindikiza?"

"Ndaidula, bwana. Bolopeni muli nayo m'thumbamo."

Lachitatu inapita mausi, kachida kolozera zinthu pagalasi la kompyuta. Bwana anaikwekwesa patebulo mpaka thukuta, koma a Fabiano anatemetsa nkhwangwa pamwala, amvekere zala khumi n'zokwana.

Lachinayi mpeni unalowa kwambiri. Anadula kachigawo kamene kamathandiza kompyuta kuzindikira disiki yake yomwe, mosungira zonse, ndipo atayatsa, galasi linangoti bii. Salome, amene anabwera kudzaona, anawacheukira.

"Mwaipha, bambo."

"Tiyi wodulira amayamba waoneka wakufa," anayankha motero, koma kolala inali itanyowa. Anasolola kadisiki ka kenelo yakale m'thumba la malaya n'kuyambanso pachiyambi. Belu la nkhomaliro linalira, iwo osadzuka. Salome anawasiya akung'ung'udza m'Chilomwe, akuwerenga mzere umodziumodzi ndi chala ngati akusankha mpunga.

Pomaliza kenelo inaonda mokwanira, woimba ndi woyankha n'kukwana onse. A Fabiano anawaikira lamulo la pa mjigo: wofika poyamba amasiya chizindikiro, ngati chidebe pamzere, winayo adikire.

Lachisanu m'mawa kunagwa mvula, ndipo kuchipatala anabwera ndi mayi wothyola tiyi, atabereka koma magazi osaleka. Salome analemba uthenga, modemu n'kulira. Zomwe zinachitika kuofesi anazimva pambuyo pake kwa dalaivala wa bwana. Akuti bwana anali atangokhala pampando kuti aimbe ku Limbe, makina n'kuwauza kuti waya uli ndi mwini.

"Achotseni amenewo, okushoni yogulitsa tiyi yayamba."

"Chidebe chawo chafika kale, bwana."

"A Fabiano, ntchito mukuifuna?"

"Ndikuifuna. Tawerengani kaye."

Bwana anawerenga mizere itatu ya uthenga wa Salome. Lole ya esiteti inali kumunda, ndiye anatulutsa makiyi a galimoto yawo yomwe. Mayi uja anafika kuchipatala chachikulu ku Makwasa ali moyo, ndipo nkhani yoti kompyuta izingoimba sinamvekenso. Pulinta sinabwerere, ndipo bwana sanafunse.

A Fabiano anatisiya zaka zingapo zapitazo kwawo ku Goliati, atapuma kale pantchito. Kompyuta ija inapita ku sitolo ya zinthu zakutha, waya anaudula, aliyense ali ndi foni yake m'thumba. Kuofesi kuli anyamata ophunzira bwino, ndipo ukawadandaulira amakuuza mwaulemu kuti vuto ndi netiweki.

Kuchigwa netiwekiyo imathawa mitambo ikangoda. Salome, imvi zili mbuu, amakwera pachulu kuseri kwa chipatala, foni m'mwamba, wodwala akudikira pa benchi. Akaima pamenepo amawasowa a Fabiano mpaka kupsa mtima, chifukwa chichokereni iwo sanapezekenso munthu amene anatenga kudikira kwa odwala ake ngati vuto lake.